Chifukwa chiyani othamangitsa galimoto amapangira mabuleki mapaipi a mphepo?

Tayerekezani kuti mwagwira chiwongolero cha kagalimoto kothamanga ka mipando iwiri pa bwalo la mipikisano la Zwartkops, kufupi ndi Pretoria ku South Africa. Mwalizungulira kale bwalolo kasanu ndipo zonse zili bwinobwino. Ulendo wachisanu ndi chimodzi mwafika kumapeto kwa msewu woongoka pa liwiro la makilomita 160 pa ola, kona ili apo, mwaponda buleki. Chopondera chija changolowa mpaka pansi ngati mwaponda nthochi yakupsa. Galimoto ikungopitabe.

Palibe chomwe chathyoka, palibe chomwe chaduka. Mabuleki angotentha kuposa muyeso wake. Mukaisiya galimotoyo kwa theka la ola, chopondera chimatha kulimbanso ngati kuti palibe chinachitika, ndipo apa ndiye pali ngozi, chifukwa vutoli limabisala mpaka nthawi yomwe mabulekiwo mukuwafuna kwambiri.

M'mayiko omwe muli mabwalo otere, monga South Africa, Britain, Germany ndi America, pamakhala masiku omwe anthu wamba amalipira ndalama n'kulowa ndi galimoto zawo kukathamanga popanda kupikisana ndi munthu. Masikuwa amawatchula kuti track day. Galimoto imodzi yomwe siisowa pa masiku oterewa ndi Mazda MX-5, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1989. Ndi yopepuka komanso yokoma kuyendetsa m'makona. Koma mabuleki ake, monga a galimoto zambiri za mumsewu, anawapangira kuima pa maloboti, osati kupondedwa mwamphamvu kangapo pa mphindi iliyonse. N'chifukwa chake eni ake ambiri amadzipangira okha mapaipi otunga mphepo kutsogolo kwa galimoto n'kukaithira pa mabuleki. Pa Chingerezi mapaipiwa amati brake cooling ducts. Mukawaona simungawayese kanthu: kapaipi kolowera kuseri kwa tayala basi. Koma kuti kapaipi kameneka kagwire ntchito, wopangayo amayenera kumvetsa fizikisi yomweyo yomwe inu mumaphunzira m'kalasi. Tiyeni tiione.

Liwiro silithera m'malere

Mukukumbukira lamulo lija lakuti mphamvu siipangidwa ndipo siiwonongeka, imangosintha mtundu? Chinthu chilichonse choyenda chimakhala ndi mphamvu ya kuyenda, yomwe m'buku mumaitchula kuti kinetic energy. Buleki siifufuta mphamvu imeneyi. Ntchito yake ndi kuisandutsa kutentha, kudzera mu kukhulana kwa zinthu ziwiri, friction ija. Tikitani zikhatho zanu mwachangu, mumva kufunda. Kapena tagwirani limu ya njinga ya kabaza itangotsika chitunda chachitali ndi katundu, muona kuti yatentha. Mu galimoto zimakhala chimodzimodzi: pa wilo iliyonse pali mbale yachitsulo yozungulira limodzi ndi tayala, yotchedwa disiki, ndipo chipani chotchedwa kalipa chimafinya disikiyo ndi mapadi awiri, imodzi mbali ino, ina mbali inayo.

Tiwerengetsere. Tiyerekeze kuti galimoto pamodzi ndi dalaivala ikulemera makilogalamu 1,100. Mphamvu ya kuyenda timaipeza ndi ½ × m × v², liwiro litakhala mu mamita pa sekondi. Makilomita 160 pa ola ndi mamita 44.4 pa sekondi, choncho mphamvu ndi ma joule pafupifupi 1,086,000. Kuti ikhote bwino pa kona paja iyenera kutsika kufika pa makilomita 60 pa ola, omwe ndi mamita 16.7 pa sekondi, ndipo pamenepo mphamvu yotsala ndi ma joule pafupifupi 153,000. Kusiyana kwake ndi ma joule 933,000 kapena kuyandikira pamenepo. Pang'ono pa mphamvu imeneyi pamatengedwa ndi mphepo yomwe galimoto ikulimbana nayo komanso injini, koma yochuluka imathera m'mabuleki.

Nambala imeneyi ndi yaikulu bwanji? Kuti lita imodzi ya madzi ichoke pa madigiri 25 kufika powira pamafunika ma joule 315,000. Ndiye kuponda buleki kamodzi kokha kukutulutsa kutentha kokwanira kuwiritsa malita pafupifupi atatu a madzi. Ndipo zimenezi zikuchitika m'masekondi atatu okha. Mukagawa 933,000 ndi 3 mupeza makilowati oposa 300, kufanana ndi maketulo a magetsi 150 oyatsidwa nthawi imodzi. Injini yaikulu ya MX-5 ya masiku ano imatulutsa makilowati 135. Inde, mabuleki ndi amphamvu kuposa injini, kuwirikiza kawiri n'kupitirira.

Onaninso ka 2 kali pamwamba pa v kaja. Kakutanthauza kuti liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Ichi n'chifukwa chake mabuleki omwe savuta m'tauni amagonja msanga pa bwalo.

Kutentha konseku kumapita kuti?

Minibasi ikaima mwadzidzidzi, nonse mumagwera kutsogolo. Galimoto nayo imatero: ikamaima, kulemera kwake kumatsamira pa mawilo a kutsogolo, motero mabuleki a kutsogolo ndi omwe amagwira gawo lalikulu la ntchito. Tiyerekeze kuti akutenga 70 pa 100 aliyonse. Ndiye kuti madisiki awiri a kutsogolo agawana ma joule 650,000, iliyonse 325,000.

Madisiki a galimoto wamba amapangidwa ndi chitsulo cha cast iron. Kilogalamu imodzi ya chitsulochi imafuna ma joule pafupifupi 460 kuti itenthe ndi digiri imodzi. Ngati disiki ikulemera makilogalamu 5, gawani 325,000 ndi 5 × 460, mupeza madigiri 141. Kuponda kamodzi, disiki yakwera ndi madigiri oposa 140. Isanazizire bwino, kona ina yafika.

Koma musaganize kuti kutentha kumangokwera mpaka kalekale. Isaac Newton anaona kale kuti chinthu chikatentha kwambiri kuposa malo ochizungulira, chimatayanso kutentha mofulumira. Zili ngati ndowa yobooka pansi yomwe mukuthiramo madzi mosalekeza. Madzi amakwera, ndipo akamakwera amatulukanso mwamphamvu pa bowo paja, mpaka otuluka afanane ndi olowa. Funso ndi lakuti: afanana ali pati? Ngati bowo ndi laling'ono, ndowa isefukira asanafanane. Paipi ya mphepo ndi njira yokulitsira bowo lija, kuti kutentha kolowa ndi kotuluka kufanane disiki isanafike pa madigiri owononga.

Mitundu iwiri ya kugonja kwa mabuleki

Mabuleki akatentha kwambiri amagonja m'njira ziwiri, ndipo dalaivala amazisiyanitsa ndi phazi.

Yoyamba ndi ya mapadi. Mapadi amapangidwa ndi ufa wa zitsulo ndi zinthu zina zomatidwa pamodzi ndi utomoni wolimba. Akapsa kuposa muyeso wake, utomoni uja umayamba kuwonongeka n'kumatulutsa utsi ndi fungo loipa, ndipo padi siigwiranso disiki mwamphamvu. Chopondera chimakhalabe cholimba, koma ngakhale muponde ndi mphamvu zanu zonse galimoto imaima mwaulesi.

Yachiwiri ndi ija tinayamba nayo. Phazi lanu silikhudza mapadi mwachindunji. Limakankha mafuta a mabuleki, brake fluid, omwe amadutsa m'timapaipi tating'ono mpaka ku kalipa. Izi zimatheka chifukwa zamadzimadzi sizifinyika: mukazikankha mbali ino, mphamvuyo imafika mbali inayo, monga anafotokozera Blaise Pascal m'zaka za m'ma 1600. Tengani sirinji yopanda singano, idzazeni madzi, tsekani kukamwa ndi chala, kankhani. Siisuntha. Tsopano chotsani madzi musiye mpweya, kankhaninso. Imalowa mosavuta. Brake fluid ikawira mu kalipa yotentha imapanga thovu la nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika ngati mpweya wa mu sirinji muja. Phazi lanu limangofinya thovu, mapadi osamva kanthu.

Pa botolo la brake fluid pamalembedwa DOT 3, DOT 4 kapena DOT 5.1. Malamulo ake amati ikakhala yatsopano, DOT 3 isawire pansi pa madigiri 205, DOT 4 pansi pa 230, ndipo DOT 5.1 pansi pa 260. Vuto ndi lakuti mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. Akamwa madzi okwana 3.7 pa 100, manambala aja amatsika kufika pa 140, 155 ndi 180. Mwaona? DOT 4 yokalamba ikhoza kuwira msanga ndi madigiri 75 kuposa yatsopano.

Njira zitatu zotayira kutentha

Chinthu chotentha chimataya kutentha m'njira zitatu. Yoyamba ndi conduction, kutentha kuyenda m'chinthu cholimba, ngati supuni yomwe mwaisiya mumphika. Pa buleki njira imeneyi ndi mdani, chifukwa imatengera kutentha ku kalipa, ku brake fluid ndi ku mabering'i a wilo omwe girisi wake safuna moto. Yachiwiri ndi radiation, kufunda komwe mumamva pankhope mukakhala pafupi ndi mbaula. Imeneyi imakula disiki ikatentha koopsa, ndipo ikapitirira madigiri 500 kapena 600 imayamba kuoneka yofiira mumdima. Yachitatu ndi convection, mpweya woyenda kunyamula kutentha n'kupita nako. Mwa zitatuzi, iyi ndi yomwe munthu angaikulitse mosavuta.

Mumaidziwa kale. Phala likatentha mumaliuzira. Pamwamba pa phala pamakhala kampweya kofunda kongokhala phee, ndipo kamachita ngati bulangete. Mukauzira mumakachotsa n'kubweretsa mpweya wozizira womwe ungatenge kutentha kwina. Disiki nayo imafuna kuuziridwa, koma inabisala mkati mwa wilo, kuseri kwa bampala, komwe mphepo siifika bwino.

Nkhondo imeneyi ndi yakale. Kale galimoto zinali ndi mabuleki a dilamu, otsekeka ngati mphika wovundikira, omwe amasunga kutentha mkati. Mu 1953 Jaguar C-Type inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France ndi mabuleki a disiki omwe Jaguar inapanga mogwirizana ndi kampani ya Dunlop. Ubwino wake waukulu unali woti disiki ili pamtetete, mphepo imaiomba. Lero galimoto za Formula 1 zili ndi madisiki a carbon omwe amafika madigiri 1,000, obooledwa timabowo tambirimbiri todutsa mphepo, ndipo akatswiri amasintha kukula kwa mapaipi ake malinga ndi bwalo.

Chinsinsi: disiki ndi fani yobisika

Apa ndi pomwe ambiri opanga mapaipi kunyumba amalakwitsa. Mukayang'ana m'mphepete mwa disiki ya kutsogolo, muona kuti si chitsulo chimodzi chokhuthala. Ndi mbale ziwiri zolumikizidwa ndi timakoma tating'ono, ndipo pakati pake pali tinjira tochokera pakati pa disiki kupita kunja. Disiki ikamazungulira, mpweya wa m'tinjirati umaponyedwa kunja, ngati momwe matope amathovukira pa tayala la njinga, ndipo wina umakokedwa kulowa kuchokera pakati. Kunena kwina, disikiyo ndi fani yodzipemerera yokha. Pakamwa pake pali pakati, mbali yoyang'ana mkati mwa galimoto.

Choncho paipi yabwino siithira mphepo pa nkhope ya disiki. Imaithira pakati, pakamwa pa fani paja, kuti mphepo yozizira idutse m'tinjira tonse n'kuziziritsa mbale ziwiri zija mofanana. Mukathira pa nkhope imodzi, mbale ya mkati izizira pomwe ya kunja ikadali moto. Chitsulo chotentha chimafutukuka, chozizira chimakhwinyata, ndiye mbale ziwiri zomatana zikamakokana choncho disiki imapindika kapena kuchita ming'alu. Paipi yolozetsedwa molakwika ikhoza kuononga disiki yomwe inali bwino popanda paipi.

Zigawo zitatu za ntchitoyi

Gawo loyamba ndi pakamwa potungira mphepo. Tulutsani dzanja pa windo la galimoto yoyenda, chikhatho chitayang'ana kutsogolo: mphepo imakukankhani. Kutsogolo kwa bampala mpweya umaunjikana choncho, ndipo kukankha kwake kumapezeka ndi ½ × ρ × v², pomwe ρ ndi kulemera kwa mpweya, makilogalamu 1.2 pa cubic metre imodzi m'mbali mwa nyanja ya mchere. Pa makilomita 160 pa ola yankho ndi ma pascal pafupifupi 1,200, pomwe pa 60 ndi 170 okha. Ndiye mabuleki amazizira kwenikweni pa msewu woongoka, osati pa kona. Ambiri amachotsa nyali zing'onozing'ono za chifunga za pa bampala n'kugwiritsa ntchito mabowo ake, chifukwa ali kale pamalo pomwe mphepo imamenya. Pa bowopo amaikapo chinthu chonga fanulo, chachikulu kutsogolo n'kumachepa bwinobwino kulowera ku paipi. Ena amaikaponso waya wa mipata ikuluikulu wotchinga miyala ndi zidutswa za matayala. Waya wa mipata yothina ngati wa sefa ya ufa umatchinganso mphepo yomwe ikufunikayo.

Gawo lachiwiri ndi paipi yeniyeniyo. Iyenera kukhala yopindika, chifukwa wilo imakhota komanso imakwera ndi kutsika. Zotchuka ndi za mamilimita 51, 63 ndi 76 m'mimba mwake. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa, koma werengetsani ndi π × r²: ya 51 ili ndi malo odutsa mphepo okwana ma square centimetre 20, ya 63 ili ndi 31, ya 76 ili ndi 45. Yaikuluyo ikuposa yaing'ono kuwirikiza kawiri. Koma kukula pakokha si kanthu. Paliponse pomwe paipi yakhota mwadzidzidzi kapena yaphwanyika, mphepo imataya mphamvu. Paipi ya 63 yaifupi ndi yoongoka ikhoza kuposa ya 76 yokhotakhota. Chomwe yapangidwira nachonso n'chofunika. Ya neoprene imapirira madigiri pafupifupi 150, ya silicone pafupifupi 260, motero pafupi ndi disiki pamafunika ya silicone. Paipi ya pulasitiki ya madzi, PVC ija, imayamba kufewa isanafike n'komwe madigiri 100, ndiye ilibe malo pamenepa.

Gawo lachitatu, lomwe ndi lovuta koposa, ndi mbale yogwira paipi kuseri kwa disiki. Galimoto imabwera ndi kachitsulo kopyapyala kotchinga fumbi pamalopo. Wopanga amakachotsa, n'kudula katoni mofanana ndi malowo, kuyesa, kudulanso, mpaka itakwana bwino osakhudza kalipa. Akakhutira amajambula katoniyo pa chitsulo kapena aluminiyamu, kudula, kuboola bowo loyang'anizana ndi pakamwa pa disiki, kenako kuwotcherera kapena kukhomera ndi ma rivet kachidutswa ka paipi yachitsulo komwe paipi yopindika ija idzavalepo. Mpata wa pakati pa mbaleyi ndi disiki uyenera kukhala wa mamilimita ochepa chabe: ukakula mphepo imathawira m'mbali, ukachepa kwambiri disiki ikafutukuka ndi kutentha imakhula mbale. Mbaleyi iyeneranso kupitiriza ntchito ya kachitsulo kochotsedwa kaja, yoteteza malabala a m'malumikizidwe a wilo ndi waya wa sensa ya ABS ku moto wa disiki. Pafupi ndi moto amamanga ndi zomangira zachitsulo. Timalamba ta pulasitiki ndi manati okhala ndi nayiloni mkati amasungunuka.

Akamaliza kumanga, amakweza galimoto, kuikhazika pa zogwiriziza zolimba osati pa jeke yokha, n'kupinda chiwongolero mpaka kumapeto kumanja, kenako kumanzere. Amakwezanso ndi kutsitsa wilo kuti aone ngati paipi ikukhudza tayala, ikukokeka kapena ikutsamira kapaipi ka brake fluid. Paipi ya mphepo ikang'ambika mwangotaya ndalama. Koma ikamakhula kapaipi ka brake fluid mpaka kubooka, kapena ikakola chiwongolero, munthu akhoza kutaya moyo. N'chifukwa chake ntchito imeneyi si yoti mukayeserere pa galimoto ya kunyumba Loweruka. Imafuna makaniko wodziwa bwino mabuleki kuti aone bawuti iliyonse galimoto isanayende.

Kodi mphepo yokha ingakwanitse?

Mwina mukukayika kuti kampweya kodutsa mu paipi yosaposa kapu kukula kangazimitse maketulo 150 aja. Tiwerengetserenso. Tiyerekeze kuti mu paipi ya mamilimita 76 mphepo ikuyenda mamita 20 pa sekondi, pang'ono kuposa liwiro la galimoto chifukwa cha zopinga za m'njira. Pa sekondi iliyonse mukudutsa mpweya wolemera makilogalamu pafupifupi 0.11. Kilogalamu imodzi ya mpweya imatenga ma joule pafupifupi 1,000 kuti itenthe ndi digiri imodzi. Ngati mpweyawo ukutuluka mu disiki utatentha ndi madigiri 100, ndiye kuti ukunyamula ma joule 11,000 pa sekondi. Gawani 325,000 aja ndi 11,000, mupeza masekondi pafupifupi 30.

Apa ndiye pagona nkhani. Paipi siilimbana ndi kutentha pa masekondi atatu opondera buleki aja. Pa nthawi imeneyo disiki imangosunga kutenthako m'chitsulo chake. Paipi imagwira ntchito yake pambuyo pake, mwakachetechete, kukhuthula zomwe disiki yasunga kona yotsatira isanafike.

Onaninso kuti chonyamula kutentha ndi kulemera kwa mpweya, osati kukula kwake kokha. Kumtunda mpweya umapepuka. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, komwe cubic metre ya mpweya imalemera kilogalamu imodzi kapena kuyandikira pamenepo, osati 1.2. Galimoto yomwe mabuleki ake amazizira bwino pa bwalo la Killarney ku Cape Town, kufupi ndi nyanja, idzapeza mpweya wochepa wouziziritsira ikapita ku Kyalami kapena Zwartkops. Magulu a Formula 1 amakumana ndi zomwezi ku Mexico City, mzinda womwe uli pamtunda wa mamita oposa 2,200, ndipo kumeneko amatsegula mapaipi awo kwambiri.

Osangokhulupirira, yezani

Munthu akathera masiku awiri akudula zitsulo, mtima wake umafuna kukhulupirira kuti zatheka. Sayansi siilola zimenezo. Pali penti wapadera wopaka m'mphepete mwa disiki yemwe amasintha mtundu akafika pa madigiri ena ndipo sabwereranso: wobiriwira amasintha pa 430, wa olenji pa 560, wofiira pa 610. Palinso timapepala tomata pa kalipa tosonyeza kutentha kwakukulu komwe yafika. Ena amagwiritsa ntchito themometa ya infrared yongolozetsa, koma imeneyi imakuuzani za disiki yomwe yazizira kale pobwerera, osati momwe inalili pa kona.

Kuyesa kwachilungamo kumafuna kusintha chinthu chimodzi chokha. Dalaivala yemweyo, mapadi omwewo, tsiku lomwelo, maulendo ozungulira ofanana: koyamba mabowo onse awiri atatsekedwa ndi tepi, kachiwiri atatsegulidwa. Mukasintha mapadi, brake fluid ndi paipi nthawi imodzi, simudziwa chomwe chathandiza.

Ndipo kuzizira kukhoza kupitiriranso muyeso. Mapadi a mpikisano anawapanga kuti azigwira bwino akatentha, ndipo akazizira kwambiri amagwira mofooka n'kumadya disiki. Tsiku lozizira kapena la mvula, odziwa amatseka gawo la bowo ndi tepi, mofanana kumanja ndi kumanzere, kuopa kuti buleki imodzi ingagwire kuposa inzake galimoto n'kukokera mbali imodzi. Cholinga si buleki yozizira, koma buleki yotentha pa muyeso woyenera.

Zomwe paipi singachite

Paipi siikonza brake fluid yokalamba kapena mapadi otha. Odziwa amayamba ndi mafuta atsopano ndi mapadi oyenera, paipi imabwera pambuyo. Akamaliza kuthamanga amazungulira bwalo kamodzi pang'onopang'ono osaponda kwambiri buleki kuti mphepo imalize ntchito yake. Akaima sakoka handibuleki kapena kusiya phazi pa chopondera, chifukwa padi yotsamira disiki yotentha imasiyapo chipsera chomwe chimadzanjenjemeretsa chiwongolero. Ndipo sathira madzi pa disiki yotentha, kuopa ming'alu.

Fizikisi yomweyi imatikhudza ngakhale ife omwe tilibe galimoto za mpikisano. Lole yolemera matani 30 ikatsika mamita 500 pa zitunda ngati za Chiweta kapena za pa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa, iyenera kutaya mphamvu yokwana m × g × h, yomwe ndi ma joule 147,000,000. Kutentha kumeneku kungawiritse madzi odzaza migolo iwiri ya malita 200 n'kutsalako. Paipi ya pa bampala singathandize pamenepa, chifukwa lole imatsika pang'onopang'ono ndipo, monga taonera, liwiro likachepa mphepo ilibe mphamvu. N'chifukwa chake dalaivala wanzeru amalowetsa giya yaikulu asanayambe kutsika, kuti injini itenge gawo lalikulu la ntchitoyo. Mukamva fungo la mabuleki opsa muli m'basi pa chitunda, tsopano mukudziwa chomwe chikuchitika, ndipo si mwano kupempha adalaivala kuti aime kaye pamalo abwino.

Yesani nokha

Pezani zitini zitatu zofanana, themometa, wotchi, fani yaing'ono ndi katoni. Thirani madzi ofunda ofanana m'zitini zonse, osati owira, kuti musapse. Choyamba chisiyeni pamalo opanda mphepo. Chachiwiri chiikeni mita imodzi kuchoka pa fani. Chachitatu chiyeseni pa mtunda womwewo, koma pindani katoni ngati fanulo yochoka pa fani kukafika pa chitini. Lembani madigiri mphindi iliyonse kwa mphindi 15, kenako jambulani girafu. Onani chitini chomwe chazizira msanga, ndipo onaninso ngati mizere yanu ikutsika mofulumira poyamba n'kumagona pambuyo pake, monga ananenera Newton. Kenako pindani fanulo yanu pakati kuti ikhote, mubwereze, muone zomwe kona imodzi imachita ku mphepo.

Pomaliza, nayi samu yoti mupite nayo. Galimoto yathu ya makilogalamu 1,100 aiwonjezera mphamvu ya injini, ndipo tsopano ikufika pa kona ija pa makilomita 200 pa ola m'malo mwa 160, koma iyenerabe kutsika kufika pa 60. Liwiro langokwera ndi 25 pa 100. Nanga kutentha kolowa m'mabuleki kwakwera ndi zingati pa 100? Mukapeza yankho, mumvetsa chifukwa chake amakaniko odziwa ntchito amayamba akonza mabuleki asanakhudze injini.